Grill ya Benz ya bambo anu musayitaye achimwene

Email ya sabata ino yandipweteka mtima ndisaname. Achimwene ena alemba kuti bambo awo anawasiyira Mercedes 240D ya 1982, nde mwezi wathawu agunda mbuzi, pulasitiki ya grill yasweka, chitsulo chonyezimira chozungulira chija chapindika mbali imodzi komanso dzimbiri layamba mmunsi. Makaniko awo akuti ingotayani zimenezi tiwotcherere sefa wa waya zithe. Akufunsa kuti atani.

Achimwene, musalole. Zina ndinena kutsogoloku koma mawu oyamba ndi amenewo, musalole ndipo galimotoyo ichotseni kaye pamalo pomwe pali makina owotcherera, chifukwa anthuwa akangoyatsa moto safunsanso kawiri.

Galimoto yanuyo ndi ija amati W123, anayamba kupanga 1976 mpaka 1986, ndipo zinapangidwa pafupifupi 2.7 miliyoni. Zina zomwe timaziona kuno zinachokera ku South Africa chifukwa kumeneko ankazimanga pa fakitale ya ku East London, chiwongolero kumanja, zina zinabwera kuchokera ku Britain. Ku Morocco zinakhala ma taxi a maulendo ataliatali kwa zaka zambirimbiri, zikunyamula anthu ndi katundu pa dzuwa lowotcha, osatopa. Ndiye simunalandire chiphakasa ayi, mwalandira galimoto yomwe anthu kunjaku akuisakasaka ndi ndalama zawo.

Ine galimoto imeneyi ndinaidziwira kwa amalume anga, achimwene awo a mayi. Anakhala ku Joni zaka zambiri akugwira ntchito yoyendetsa galimoto, nde nkhondo ya ku Mozambique itatha msewu wa Tete utayambanso kuyendeka bwinobwino anabwera nayo okha, kudutsa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka kulowa pa Mwanza. Inali 240D ngati yanuyo, yoyera motuwirako pang'ono. Tsiku lomwe inafika mudzi onse unatuluka. Amalume anali munthu osalankhulalankhula koma Loweruka lililonse mmawa ankatenga beseni, kansalu kofewa ndi mswachi wakale, nkukhala pa mpando kutsogolo kwa galimoto, nkumatsuka grill ija kabowo kamodzikamodzi, ife ana ntchito yathu inali kutunga madzi basi, kukhudza nyenyezi ija kunali koletsedwa. Akamaliza ankatiuza kuti tiyang'ane nkhope zathu pa chitsulocho, ukadziona bwinobwino ndiye kuti ntchito yatha. Boneti ankaitsegula mpaka kuimika chilili, chifukwa ma Benz amenewa ali ndi timaloko pa ma hinji toti ukatimasula boneti imaima njo, ndipo grill yonse imakwera limodzi ndi boneti, imakhala mmwamba ikukuyang'ana. Ine ndinkaona ngati matsenga.

Amalume atamwalira zinayenda mmene zimayendera kwathu kuno. Maliro asanazizire nkomwe akuchimuna anabwera, galimoto inapita, azakhali anatsala akungoyang'ana. Amene anaitenga anayamba kuichititsa matola. Nyenyezi inabedwa koyambirira, anyamata nthawi imeneyo ankazithyola nkumavala mkhosi. Kenako anagunda chitsa grill nkung'aluka, anaimanga ndi waya, waya uja anadya pulasitiki, anawonjezera waya wina, mapeto ake anapita nayo kwa wowotcherera wina amene anazula grill yonse nkuponya pa mulu wa zitsulo zogulitsa pa sikelo, nkuika sefa wa mabowo ang'onoang'ono wa mawindo uja, kuwotcherera pa boneti penipeni, penti yonse yakutsogolo nkupsa. Nditaiona ikudutsa pa msika sindinaizindikire, inali ngati munthu amene wagululidwa mano akutsogolo. Ndinalira, ndinali mnyamata wamkulu ndithu koma ndinalira. Sipanapite nthawi inayamba kuwira ikamakwera mtunda, kenako inakaima pansi pa mtengo wa mango ndipo siinadzukenso. Injini ya 240D imene ija, amati OM616, yoti ikanatha kutiika mmanda tonsefe.

Nchifukwa chake mawu oti bola ikuyenda ine ndimadana nawo kwambiri. Galimoto zakalezi sizifa ndi ngozi yaikulu kawirikawiri, zimafa ndi bola ikuyenda. Lero chogwirira chitseko, mawa galasi la getsi, mkuja grill, chilichonse tingomanga ndi waya kaye, ndipo kaye ameneyo samatha. Mwini wake akasiya kuinyadira amasiyanso kusintha oilo pa nthawi yake, amasiya kuyang'ana madzi, ndaziona kambirimbiri. Munthu sasamala chinthu chomwe akuchita nacho manyazi.

Ndipo ndinene pano kuti amakaniko athu ambiri ndi anzeru zedi, pitani ku Ndirande kapena ku Biwi mukaone zomwe anyamata amapanga ndi hamala ndi chitsulo cha njanji, mungadabwe. Vuto ndi loti tonse tazolowera ma Vitz, ma Passo ndi ma Sienta a ku Japan, pomwe kutsogolo konse ndi pulasitiki, ikasweka umangopita kukagula bampala ina ya galimoto yophwasulidwa nkubaya timaklipi basi. Mnyamata amene waphunzira ntchito pa galimoto zimenezi akaona grill ya W123 amaona chinthu chimodzi chosweka. Sadziwa kuti ndi zidutswa zingapo zoti zimamasuka pachokhapachokha, ndipo chomwe chasweka nthawi zambiri ndi chotchipa pa zonsezo. Chodula, chovuta kupeza, ndi chimango cha chrome chija, chomwe akufuna kukutayitsanicho. Zatsopano zosakhala za kampani zilipo pa intaneti inde, ndazigwirapo, chitsulo chake nchopyapyala, chrome yake simachedwa kutuluka timadontho ikakumana ndi mvula yathuyi ndipo mabowo a masikuluwu nthawi zina sagwirizana ndi a pa boneti, umachita kukakamiza. Chakale chopindika koma chenicheni ine ndingasankhe chimenecho tsiku lina lililonse.

Za sefa uja ndiye musayerekeze nkomwe. Grill si yokongoletsa chabe, kuseri kwake kuli rediyeta, ndipo ngati yanuyo ili ndi air con kulinso condenser, karediyeta ka air con, patsogolo pa rediyetayo, zonsezi zimadalira mphepo yolowa pamenepo. Sefa wa mabowo ang'onoang'ono amagwira udzu, agulugufe, ziwala, nthenga, fumbi likasakanikirana ndi mvula amatsekeka. 240D mphamvu zake ndi zochepa kale, mahatchi 72 okha kukoka thupi lolemera lija, nde ikamakwera phiri lochokera ku Chikwawa mwezi wa October imakhala ikugwira ntchito ndi mtima wake onse. Muvi wa kutentha umayenera kukhala cha pa 80 kapena kupitirira pang'ono. Mukautsekera mpweya mudzauona ukukwera, ndipo gasketi ya hedi ikapsa ndalama yake mungagulire ma grill angapo. Chinanso chomwe wowotcherera saganiza: ka pulasitiki kotsegulira boneti kamatulukira pa grill pomwepo. Mukakoka chogwirira chamkati chija boneti imadumpha pang'ono kenako kalilime kamasuzumira pakati pa grill, mumakoka kameneko ndi pomwe imatseguka. Akatseka ndi sefa muzidzapisa sikuludilaiva kusakasaka loko tsiku lililonse.

Mwa njira, poti tanena za 240D, tsiku lina mukadzazimitsa kiyi injini nkumangolirabe musadzaope. Ma dizilo amenewa amazima ndi vacuum, mphamvu yoyamwa mpweya yodutsa m'timapaipi, timapaipito tikang'ambika penapake injini simva kiyi, nthawi zambiri ndi vuto lomwelo lomwe limapangitsa kuti zitseko zisiye kudzikhoma zokha. Pa injini pali kachitsulo kolembedwa STOP, mumangokanikiza ndi chala. Ndikunena izi chifukwa ndinamvapo wina atagulitsa yake motchipa poganiza kuti yalodzedwa. Ndipo ngati pa grill ya bambo anuyo pali timabaji tina tozungulira tolembedwa makilomita, tisungeni bwino, Mercedes imapereka timeneto kwa galimoto zomwe zakwanitsa 250,000 km, 500,000 km ndi kupitirira apo. Ndi mbiri ya bambo anu imeneyo.

Kumasula kwake

Thirani mafuta omasulira dzimbiri monga Q20 kapena WD-40 pa masikuluwu onse dzulo lake, ali mkati mwa boneti mozungulira grill. Imikani boneti chilili, yalani bulangete pa injini kuti kanthu kakagwa kasasowe, jambulani ndi foni musanamasule chilichonse. Yambani ndi kalilime kotsegulira kaja, kachotseni pomwe kakoledwa ku loko mosamala chifukwa pulasitiki ya zaka 40 imathyoka msanga. Kenako masikuluwu, wina akugwirireni grill isagwe. Nyenyezi imagwidwa ndi sipuling'i kunsi kwake, mumakoka ndi pulayala pang'ono nkupotoza, imatuluka. Pulasitiki ya mkati imagwidwa ku chimango ndi timaklipi, titulutseni kamodzikamodzi muike m'chitini, ndipo timizere tonyezimira ta pa pulasitikiyo musatikoke ndi mphamvu, timapindika ndipo tikapindika sitibwereranso bwino.

Kukonza

Chimango chopindikacho chigonekeni chafufumimba pa thumba la mchenga, muzimenya cha kuseri, ndi kamtengo kosalala pakati pa hamala ndi chitsulo, pang'onopang'ono kuyambira mmbali mwa popindikapo kulowera pakati. Moto ayi. Chrome ikamva moto imasanduka yabuluu nkuyamba kusupuka. Ngati manja anu sanazolowere pezani panel beater wachikulire, amene anagwirapo ma Peugeot 404 ndi ma Datsun, mukhale naye pompo mpaka amalize. Dzimbiri la pamwamba limachoka ndi foil ya kukhitchini yonyowetsa ndi madzi, kupukuta mofatsa kenako polishi wa zitsulo monga Autosol, sandipepala asayandikire kumaso kwa chrome. Kuseri ndi komwe dzimbiri limayambira, kumeneko palani ndi bulashi ya waya, pakani mankhwala opha dzimbiri, kenako pulaimala ndi penti. Likakhala kuti labowola kale ndiye mpofunika kuikanso chrome yatsopano, amayamba ndi kopa, kenako nickel, chrome pamapeto, ntchito imeneyi amapanga bwino ku Joni ndi ku Durban, mungatumize ndi achibale obwerera.

Pulasitiki ngati yangong'aluka, tsukani ndi sopo iume, gwirizanitsani mng'aluwo, kuseri kwake palani pang'ono nkumata epoxy ya machubu awiri ija, Pratley imagwira bwino, muikemo tizidutswa ta waya wopyapyala modutsa mng'aluwo kuti pakhale mphamvu. Supagulu ndi soda zimagwira lero koma ndi kutentha kwa injini ndi mabampu a misewu yathu zimasweka. Ngati zidutswa zinatsala pa msewu ndi mbuzi ija, gulani pulasitiki yokhayo, imagulitsidwa payokha. Onetsetsani kuti ndi ya W123 yeniyeni, ya ma Benz ena monga W115, W124 kapena W126 pa chithunzi zimafananako koma sizilowa.

Pobwezeretsa mangani zonse pansi kaye, pulasitiki mu chimango, baji, nyenyezi, ngati panali rabala pakati pa chimango ndi boneti ibwerere kapena ikani ina kuti chitsulo chisamadye penti. Masikuluwu pakani girisi pang'ono, alowetseni onse ndi dzanja osamanga, yang'anani mpata kumanja ndi kumanzere ngati uli wofanana, mukatero mangani kuyambira pakati pamwamba kutsikira mmbali mosinthanasinthana, osalimbitsa mopyola. Boneti yanuyo inamenyedwa ndi mbuzi nde mwina mlomo wake unalowa mkati pang'ono, grill ikakana kukhala musaikoke ndi masikuluwu, wongolani boneti. Kolekani kalilime kaja, muyese kangapo boneti ili yotsegula kuti loko ikuyenda, kenako tsitsani boneti pang'onopang'ono ndi manja mukuyang'ana kuti grill sikukhudza magetsi kapena bampala musanaitseke.

Munditumizire chithunzi cha kuseri kwa chimangocho musanapite nacho kwa aliyense, makamaka mmunsi momwe mwati mwayamba dzimbirimo, ndikuuzani ngati ndi za bulashi ndi penti kapena ndi za ku Joni.