Kodi kulera ana kumayamba kukoma liti?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wachitsikana wa ku Ntcheu, cha kufupi ndi Lizulu. Anandipempha kuti dzina ndisatchule. Ali ndi ana awiri, wamkulu wa zaka 3 ndi khanda la miyezi 7, ndipo bambo a anawo ali ku Joni. Kalatayo inali yaitali, koma mutu wake ndi uwu: "Anzanga pa Facebook amangolemba kuti ana ndi chimwemwe. Ine chimene ndikuona ndi matewera, kulira ndi kusowa tulo. Kukomako kumayamba liti? Kapena ine ndiye mayi woipa?"

Achemwali, funso lomalizalo tilitaye kaye kudzala. Simuli oipa, mwangotopa. Ndiponso kulera khanda kuno kumtunda kuli ndi zowawa zakezake zimene a ku Salima sangazimvetse. Ine ndimakhala ku Bembeke, ndipo ndikudziwa kuchapa matewera mu June, madzi akuluma zala mpaka kuchita dzanzi. Uyanike m'mawa, nkhungu itsike, madzulo ukaanule adakali achinyezi, uyambe kuwatembenuza pambali pa mbaula. Boma la Dedza lili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600, ndiye kuzizira kwathu si kwa masewera. Za pa Facebook zisakusowetseni mtendere. Chithunzi chimajambulidwa mwana atasamba, atadzola, atavala za pa Sande. Sindinaonepo munthu akudzijambula 2 koloko usiku atagwira thewera kumanja, tochi atailuma pakamwa.

Nanenso ndinadikirapo tsiku lomwe mukulifunsalo. Ndinkati akadzayamba kugona usiku wonse ndiye ndidzapuma. Atayamba, ndinati akadzasiya kuyamwa. Atasiya, wina anali ali m'njira. Ndili ndi atatu tsopano ndipo tsikulo silinafikebe. Chimene chinandisintha chinachitika kuseri kwa nkhokwe, wachisamba wanga ali ndi zaka 4.

Ndinkachokera kumunda, mutu ukuwawa, n'kumva mawu kuseriko. Ndinasuzumira. Mwana ali pa masanje yekhayekha: timafuwa titatu ta timiyala, kachitini ka nsima ya dothi, ndiwo zake masamba a chisoso. Kumbuyo wabereka chitsononkho cha chimanga ndi kansanza ka chitenje changa chakale. Ndiye akuchikalipira: "Iwe! Ndatopa nawe, sukuona kuti ndili pa ntchito?" Mawu anga enieni, mpaka katsonyo ka kumapeto. Manyazi anandigwira. Ndisanachoke, ndinaona akumasula kansanza kaja, n'kuika chitsononkho pamiyendo. Anatapa dothi ndi kamtengo, kuuzira katatu, kukhudzitsa pamlomo pake kuti amve ngati lazirala, kenako n'kunena motsitsa, "Idyani bambo anga, mukule." Zimenezonso zinali zanga. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti ndimauzira phala katatu. Iye anali atawerenga.

Ndinakakhala pakhonde n'kuseka ndekha, misozi ili m'maso. Ntchito zomwe ine ndinkaziyesa goli, kuuzira phala, kubereka, kupukuta mamina, pali munthu amene ankazionerera tsiku ndi tsiku ngati zinthu zapamwamba zoyenera kuzitsanzira. Ndiye yankho langa ndi limeneli: kukomako kuli mkati mwa ntchito zomwe zikukutopetsanizo, kungoti munthu wosagona maso ake saona bwino.

Khanda lanulo lafika pa msinkhu wokoma kwabasi. Ngati munayamwitsa mwakathithi miyezi 6 monga amatilangizira kusikelo, ndiye kuti phala mwangoyamba kumene. Tsiku lina mudzathire nsinjiro m'phala la mgaiwa, tsiku lina dzira, kapena bonya wosinja, kapena mbatatesi yophwanya ndi msuzi wa nyemba, poti kwanu ku Lizulu zimenezi n'zosasowa. Mukatero muziyang'ana nkhope yake. Amakwinya chipumi ngati nduna yoweruza mlandu, kulavula, kuganiza, kenako n'kuyasamulanso. Alangizi amatiuza za magulu 6 a zakudya chifukwa cha thanzi, ndipo n'zoona, koma ine ndinkasinthasintha zakudya makamaka kuti ndionenso nkhope imeneyo.

Kutsogoloku akwawa, ndipo chilichonse cha pansi chizipita kukamwa, makala ndi zitosi zomwe, choncho tsache likhale pafupi. Kenako dede. Ambiri amaponya phazi loyamba cha pa chaka chimodzi, ena amafika miyezi 15 kapena kupitirirako pang'ono ali bwinobwino. Wapakati wanga anachedwa, anthu n'kuyamba zonena zawo, ati mwina wina anamudumpha. Tsiku lina anaona nkhuku yatola chigumu chake, anadzuka n'kuilondola mapazi asanu, atazindikira kuti akuyenda anakhala pansi phwata n'kuyamba kulira. Mudzi wonse unamva kufuula kwanga.

Kusikelo musamaphonye, ndipo osati chifukwa cha katemera yekha, ngakhale wa chikuku pa miyezi 9 ndi wachiwiri pa miyezi 15 akukudikirani. Kumeneko n'kumene mayi amaona kuti sali yekha. Sikelo ili lende pa nthambi ya mtengo, ana akulira mopokezana, amayi akuimba asanayambe kuyeza, wina akukunong'oneza kuti wakenso sagona. A zaumoyo akaika kadontho m'buku, mzere n'kukwera, umabwerera kunyumba ukuyenda ngati wapambana mayeso. Mabuku a ana anga onse ndinawasunga m'chikwama cha pulasitiki. Lina linanyowapo ndi mvula, lina lili ndi mano a mwini wake pakona.

Koma nkhani yaikulu ndi wa zaka 3 uja. Munalemba kuti wayamba kuvuta, akulira zilizonse, akufuna kuberekedwa ngati khanda. Ameneyo walandidwa msana, ndipo akudziwa amene wamulanda. Mankhwala amene anandithandiza ine ndi kum'patsa ntchito. Pokumba mbatatesi azibwera pambuyo pa khasu ndi kambale kake, azitola ting'onoting'ono tomwe sitipita kumsika. Posankha nyemba mum'patse kamulu kake. Akhale mkulu woingitsa nkhuku pa mphale yoyanika. Ntchito ya ola limodzi idzatenga awiri, nyemba zina mudzazipeza m'thumba la kabudula pochapa, koma mudzamva zinthu. Wanga ankawerenga mbatatesi kuti "wanu, thuu, faifi, teni," ndipo ukamukonza ankakuyang'ana ngati wosaphunzira ndiwe. Anandifunsapo chifukwa chake mwezi umatitsatira tikamachokera kwa agogo, nanga ukafika kwathu kwa agogo kutsala chiyani. Mpaka lero yankho ndilibe.

Inu muli ndi mwayi wina umene ana amaukonda. Pa Lizulu msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni, tsidya lino Malawi, tsidya linalo Mozambique. Tsiku lina tikugula kabichi pamenepo ndinamuuza mwana wanga zimenezi, ndipo anakakamira kuti tiwoloke. Ndinamugwira dzanja, tinawoloka, tinagula nthochi, tinabwerera. Sabata yonse ankauza aliyense, abusa omwe, kuti iye anapita kunja.

Madzulo, nsima ikatha, yesani nthano. Sizifuna ndalama kapena magetsi. Inu "Padangokhala," iye "Tilitonse," basi mwayamba. Musavutike kufuna zatsopano, mwana wa msinkhu umenewu amafuna Kalulu ndi Fisi yemweyo usiku uliwonse, ndipo mukasintha pang'ono, mwina mwatopa mukufuna kudumpha pakati, adzakugwirani: "Ayi, sanatero!" Akatswiri amati kubwerezabwereza kumeneku n'kumene kumamanga chilankhulo m'mutu mwa mwana. Ine chimene ndinkadikira ndi pothera, ndikati "Kaphuleni mbatata," timawu tatulo n'kuyankha kuti "Yapserera," wina atagona kale pamwendo panga. Foni sindidana nayo. Mwana atumizire bambo ake mawu pa WhatsApp, awaimbire, awauze za mbuzi yomwe yaswa, ndipo bambowo ayankhe ndi mawu, asamangolemba. Koma foni yomusiyira mwana kuti akhale chete imakulandani zomwe mukuzifunazo, chifukwa mwana amene maso ali pa foni safunsa za mwezi.

Tsopano ndinene chimene mwina simukufuna kumva. M'kalata yanu yonse simunatchule munthu ndi mmodzi yemwe amene amakulandirani mwana. Akuluakulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwambi umenewu uli ndi mbali imene timaiiwala: nawenso uzilola kuti wako akhale wa anzako. Ife amayi a masiku ano tili ndi kamtima kofuna kuoneka okwanitsa. Apongozi, azakhali, mnansi amene mumakhulupirira, m'patseni khandalo maola awiri, inu mukagone. Kugona, osati kukachapa. Wamkuluyo wakwana zaka zoyambira sukulu ya mmera mpoyamba, zija za m'midzi zolandira ana a zaka 3 mpaka 5, kumene alezi ongodzipereka amawaphunzitsa nyimbo ndi masewera, makolo n'kumasonkha ufa wa phala. Zina n'zosalongosoka, kashedi ka udzu ndi mphasa basi, komabe mwana amabwerako ndi nyimbo yatsopano yoti akuphunzitseni, inu mutapumako m'mawa wonse. Sitandade 1 adzayamba ali ndi zaka 6, atazolowera kale kukhala ndi anzake.

Pali kutopa kwina kumene tulo sitichiza. Ngati papita masabata awiri kapena kuposa mtima uli wolemera tsiku lililonse, chakudya sichikulowa, mwana akagona inu tulo osabwera, mukungolira popanda chifukwa, kapena mukubwera maganizo odzivulaza kapena kuvulaza mwana, musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala mukawauze anamwino monga mwandiuzira ine. Ndi matenda okhumudwa amene amagwira amayi ambiri akabereka, si ulesi, si kulodzedwa, ndipo thandizo lake lilipo.

Ngati sizinafike pamenepo, mawa masana wamkuluyo akakhala ziii kuseri kwa nyumba, musathamangire kukuwa. Yendani monyang'ama mukamvetsere kaye. Konzekani, chifukwa mudzamva zokoma ndi zochititsa manyazi zomwe. Ine kuchokera tsiku la chitsononkho lija ndimayesetsa kuwameza mawu akuti "ndatopa nawe." Ndinkadziona ngati ndakwanitsa, mpaka dzana pamene ndinamva kamzime kanga kakuuza mbuzi ya agogo ake mawu omwewo, manja ali m'chiuno, katsonyo kali pomwepo.