Ndasintha sikirini ndekha, tsopano foni ikudzidina yokha

Bambo wina wanditumizira imelo yomwe ikunena motere, mwachidule: "Foni yanga ya Samsung Galaxy inagwa n'kusweka sikirini. Ndinagula ina, ndinaonera vidiyo pa YouTube, n'kuiika ndekha. Inayaka bwinobwino, ndiye ndinaimata ndi guluu. Koma kuyambira tsiku lomwelo foni ikumatsegula zinthu yokha ngati pali wina akuidina, batani lochepetsera mawu lasiya kugwira ntchito, ndipo ndikaithimitsa n'kuyatsanso pakona pakumalembedwa kuti Safe mode. Kodi anandigulitsa sikirini yabodza, kapena ndapha bodi? Ndigule ina?"

Bambo, musagule kaye chilichonse. Foni ikayamba kuvuta itangotsegulidwa, kawirikawiri vuto limakhala pomwe panadutsa zala zathu, ndipo nthawi zambiri ndi kanthu kakang'ono komwe sikanakhale m'malo mwake. Mukagula sikirini yachitatu musanadziwe chomwe chikuvuta yachiwiriyi, mukhoza kuiika n'kupeza zomwezo.

Ndiyambe ndi batani, chifukwa m'kalata yanu mwandipatsa kale yankho. Batani limenelo silinafe ayi. Lili chidinikire. Pa mafoni a Samsung, munthu amalowa mu Safe mode, momwe foni imayaka ndi ma app obwera nayo okha, pogwira batani lochepetsera mawu pamene foni ikuyaka, dzina la kampani likangooneka. Ndiye ngati yanu ikulowamo yokha nthawi zonse, ikukuuzani kuti pali chomwe chapanikiza batanilo mkatimo. Yesani kukweza mawu, muone ngati mzere wa voliyumu ukubwerera pansi wokha. Ukatero, ndi zomwezo.

Chomwe timadina kunjaku ndi kachidutswa chabe ka pulasitiki kapena ka chitsulo. Ntchito yeniyeni imachitika kuseri kwake, pomwe pali kachitsulo kozungulira, kotukuka pakati, kokulirapo pang'ono kuposa mutu wa phini, komatidwa pa riboni, yomwe ndi kachingwe kopyapyala kodutsa magetsi. Mukadina, kachitsuloko kamaphwatalala n'kulumikiza magetsi, mukasiya kamadzuka. Kamvekedwe kaja ka "thi" komwe chala chimamva kamachokera pamenepo. Tsekani maso, dinani batani lokwezera mawu, kenako lochepetsera, muyerekeze. Ngati lachiwirili lili gwa, osabwerera, vuto si la magetsi. Mwina guluu analowa m'mphepete mwa batani n'kuumira momwemo, ndipo guluu wa mafoni monga B-7000 amayenderera ndithu asanaume. Mwina felemu, chimango chomwe sikirini imakhalamo, sinalowe bwino mbali imeneyo. Mwinanso, ngati sikirini yanu inabwera ndi felemu yake ndipo munasamutsa riboni ya mabatani kuchoka ku yakale, munaimata itasuntha pang'ono. Theka la milimita ndi lokwanira kusokoneza batani. Palinso mafoni omwe ali ndi kalabala kakang'ono pakati pa batani ndi kachitsulo kaja, komwe kamagwa munthu osaona.

Zikanakhala kuti batani likumveka "thi" koma foni osayankha, ndikanakuuzani kuti muyang'ane riboni ngati yang'ambika, kapena ngati timano tachitsulo ta pa bodi (kathabwa ka mkati komwe pamakhala tizipangizo ta magetsi ta foni) tikuikhudza. Koma inu si mmene zilili.

Tsopano za kudzidina kwa sikirini. Safe mode ija yatithandiza kale, chifukwa mmenemo ma app onse omwe munaika nokha amakhala ozimitsidwa. Ngati foni ikudzidinabe ili mmenemo, app iliyonse ilibe mlandu, ndipo kufufuta zonse m'foni sikungathandize kanthu. Ndikunena izi chifukwa anthu ambiri amathamangira kufufuta, n'kutaya zithunzi za zaka zambiri pachabe.

Musanatsegule, chotsani chaja, chifukwa chaja yosalongosoka imasokoneza sikirini ngakhale yabwino. Matulani galasi lotetezera ngati munaika, ndi kapepala kapulasitiki komwe kamabwera pa sikirini yatsopano, mupukute ndi kansalu kouma. Kenako pitani poimbira foni mulembe *#0*#. Pa mafoni ambiri a Samsung pamatuluka timabokosi toyesera zinthu, ndipo mukasankha Touch mumayendetsa chala m'mizere kuti muone pomwe sipakumva. Zikakana, lowani mu Settings, pezani Build number, muidine ka 7, ndipo mu Developer options, yomwe itulukire mu Settings mukatero, yatsani Pointer location. Mukatero kukhudza kulikonse kumasiya chizindikiro. Ikani foni patebulo, manja kumbuyo, muziyang'ana. Ngati timadontho tikutuluka malo amodzimodzi m'mphepete kapena pakona, pali chomwe chikukankha sikirini kuchokera kunsi. Ngati pali mzere wowongoka, kuchoka pamwamba kufika pansi, womwe sukumva chala, ganizirani konekita (kapulagi kolumikiza sikirini ku bodi) kapena riboni ya sikirini. Ngati tikungomwazika paliponse, ikhoza kukhala konekita yomwe sinalowe bwino kapena sikirini yeniyeniyo.

Apa ndiye mufunika kutsegulanso, ndipo kuona maso a nkhono n'kudekha. Choyamba sungani zithunzi ndi manambala anu kwina. Ngati sikirini ikukusokonezani, lumikizani mausi ya kompyuta kudzera pa kachingwe ka OTG, komwe kamalowa polowera chaja. Batire likhale pansi pa 25 peresenti, kuti likabooledwa mwangozi lisayake kwambiri. Thimitsani foni, funditsani m'mbali pang'ono kuti guluu afewe, mulowetse kakhadi ka pulasitiki, osati mpeni. Mukangofika mkati, musanakhudze china chilichonse, zulani konekita ya batire.

Mfundo imeneyi ndimaiumirira chifukwa inandichitikira. Tsiku lina ndinkasintha sikirini ya LCD, ya mtundu wokhala ndi nyali kuseri kwake, pa foni ya mnzanga, ndipo poti ndinali nditaithimitsa ndinaona ngati kuzula batire n'kutaya nthawi. Polowetsa konekita inapendekeka pang'ono. Sindinamve phokoso, sindinaone utsi. Nditayatsa, foni inanjenjemera, inalira, koma sikirini inali bii. Nditawalitsa tochi chapambali ndinaona nthawi ndi tizithunzi tikuoneka mwa chizimezime. Sikirini inali yamoyo, koma njira ya magetsi a nyali yakuseri kwake inali itapsa pa bodi. Foni ngakhale yathimitsidwa, mbali zina za bodi zimakhalabe ndi magetsi bola batire lili cholumikizidwa. Zinandipweteka kwambiri kukamuuza mwini wake, chifukwa anandikhulupirira.

Batire likazulidwa, zulani konekita ya sikirini ndi chikhadabo kapena kapulasitiki, muiyang'ane ndi galasi lokulitsa zinthu, kapena muijambule ndi foni ina n'kukulitsa chithunzicho. Mukufuna kuona timano topindika, fumbi, kapena kadontho ka guluu. Ngati pali litsiro, pukutani ndi kaburashi kofewa konyowetsa mu sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol wa 90 peresenti kapena kuposa, mudikire paume. Pobwezeretsa, ikhazikeni kaye molunjika osakanikiza, kenako dinani mbali imodzi mpaka imveke kuti yalowa, ndiyeno mbali inayo. Musadine pakati, ndipo ikakana musalimbane nayo. Pa mafoni ambiri a Android pali riboni ina yaitali yolumikiza bodi yaikulu ndi kabodi kakang'ono ka pansi, ndipo nayonso muione mbali zonse ziwiri.

Mukatero lumikizani batire, muyatse foni ili chitsegukire, osamata. Ngati kudzidina kwatha, ndiye kuti chinali kupanikizika. Yendetsani chala mofatsa m'felemu, mupeza kachidutswa ka galasi lakale, guluu wakale wosapalidwa, kapena riboni yopindidwa molakwika. Yang'ananinso batire. Likakhala lotupa limakankha sikirini, ndipo limenelo si loseweretsa: musalikanikize, musaliboole, lisinthidwe basi.

Ngati ikudzidinabe, tengani sikirini yakale yosweka ija. Ndikukhulupirira simunataye. Zulaninso batire, muilumikize, muyese. Yakaleyo ikamamva chala bwinobwino pomwe yatsopano ikupenga, mlandu ndi wa yatsopano, ndipo muli ndi umboni woti mubwerere nawo komwe munagula. Zonse ziwiri zikamavuta malo amodzimodzi, vuto lili pa konekita ya pa bodi kapena pa bodi penipeni. Apo imani. Kumeneko kumafunika maikulosikopu ndi munthu wozolowera kuwotcherera tinthu tating'onoting'ono. Chimodzimodzinso mukaona kadzino kothyoka, mukamva fungo la chinthu chopsa, kapena bodi ikamatentha malo amodzi.

Kanthu kena komwe anthu amakapeputsa ndi ma screw. Amaoneka ofanana koma si ofanana. Pa iPhone 6, kachitsulo kophimba makonekita a sikirini kamamangidwa ndi ma screw 5: atatu a mamilimita 1.2, imodzi ya 1.7 ndi ina ya 3.1. Mukalowetsa yaitali m'bowo la yaifupi, imaboola bodi n'kudula tinjira ta magetsi tomwe maso sangaone. Ine ndimajambula foni papepala n'kumaika screw iliyonse pamalo pake ndikangoimasula. Ngati ina ikulimba isanafike, ibwezeni, si yake.

Kwa a iPhone omwe akuwerenga, nkhani ya mabatani ili ndi mbali ina. Kuyambira pa iPhone 5s ya 2013, batani la Touch ID, lowerenga chidindo cha chala, limazindikirana ndi bodi yake yokha, moti mukaika lina chidindo cha chala chimasiya kugwira ntchito. Ndi zomwe zinabweretsa uthenga wa vuto wa Error 53, womwe unkatseka mafoni okonzedwa ndi anthu omwe si a Apple mpaka Apple itakonza iOS, pulogalamu yoyendetsa iPhone, mu February 2016. Pa iPhone 7 batanilo silidinika n'komwe, kugunda komwe mumamva kumachokera ku kamota ka mkati. Choncho posamutsa batani loyambirira, kapena riboni ya sipika yakukhutu pa mafoni a Face ID, otsegulidwa ndi nkhope, monga iPhone X, gwirani ngati dzira.

Tibwerere kwa inu, bambo. Foni ili chitsegukire choncho, palani guluu wozungulira batani ndi kamtengo kotokosera m'mano, muone ngati kachitsulo kaja kali moyang'anizana ndi batani, mudine mpaka mumve "thi" wofanana ndi wa linzake. Thimitsani n'kuyatsa kawiri, muone ngati Safe mode yachoka. Imbani foni n'kuphimba pamwamba ndi chala kuti muone ngati sikirini ikuthima n'kuyakanso, yesani chaja, sipika ndi kamera. Zonse zikayenda, ndiye matani, guluu wochepa kwambiri, kamzere kopyapyala, ndipo pafupi ndi mabatani mudumphepo. Imangeni ndi malabala mosathinitsa, igone maola 24. Batani likakanabe, yatsani Assistant menu mu Accessibility kuti muzichepetsera mawu pa sikirini pomwe mukufunafuna riboni ina, ndipo mundilemberenso mundiuze pomwe timadontho ta Pointer location tinkatulukira.