Mafunso ndi Mayankho: Kufulula Mowa wa Balere m'Thumba Kunyanja Kotentha

FUNSO: A Mkonzi, ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito ndipo ndimakhala ku Senga Bay m'boma la Salima. Mwana wanga amene ali ku Johannesburg wanditumizira makilogalamu 2.5 a chimera cha balere chosasinja, kapaketi ka hops (maluwa ouma opatsa mowa kuwawa ndi fungo) wa mtundu wa Cascade ndi kapaketi ka yisiti wouma wolembedwa US-05, ndipo akuti ndiyese njira yofululira m'thumba yotchedwa brew-in-a-bag. Ndili ndi poto wa malita 20 ndi mbaula ya makala. Ndinakula ndikuona mayi anga akufulula masese, koma mowa woyera ngati wa m'botolo sindinaupangepo. Kodi ndithire madzi ochuluka bwanji? Kodi ndingawonjezere chimera cha mawere kuti mowa uchuluke? Nanga ndingayambe mwezi uno wa Okutobala?

YANKHO: Zikomo bambo chifukwa cha kalata yanu. Tiyamba ndi funso lanu lomaliza, chifukwa ndi limene lingapulumutse kapena kuwononga katundu amene mwana wanu wavutika kukutumizirani. Ngati mulibe njira yoziziritsira, musafulule mu Okutobala. Yisiti muli nayeyo amagwira bwino ntchito pamene mowa uli pa madigiri 18 mpaka 22, pomwe kunyanjako miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 30 masana ambiri, ndipo mowa ukamatutuma umadzitenthetsanso wokha ndi madigiri ena angapo. Yisiti wotereyu akatenthedwa amadya shuga mothamanga, n'kutulutsa fungo lakuthwa ngati la mankhwala ndi ukali wowotcha pakhosi umene sutha ngakhale mowawo mutausunga miyezi. Nyengo yabwino kwa inu ndi Juni ndi Julayi, pamene mwera ukuwomba ndipo usiku kumazizira. Chimera chosasinja chimadikira bwinobwino chikakhala m'ndowa yotsekeka pouma, kutali ndi anankafumbwe, ndipo hops ndi yisiti muwasunge mufiriji. Mukakhala kuti simungathe kudikira, pemphani mwana wanuyo akupezereni yisiti wotchedwa kveik, amene alimi a kumadzulo kwa Norway akhala akumusunga kwa mibadwo yambiri. Mtundu wake wa Voss umapsetsa mowa bwino ngakhale pa madigiri 35.

Njira ya thumbayi inatchuka kuchokera kwa ofulula mowa wa pakhomo a ku Australia m'zaka za m'ma 2000, ndipo ubwino wake ndi wakuti ntchito imene ena amaigwira ndi ziwiya zitatu imathera m'poto mmodzi. Thumbalo telala aliyense wa pamsika wa Salima angakusokereni. Mugule nsalu yopyapyala ya poliyesitala ngati ya makatani oonekera, yoyera ndi yopanda utoto, ndipo thumba likhale lalikulu moti poto wanu akhoza kulowa m'kati mwake, msoko wake ukhale wobwereza kuti usaphwasuke ndi kulemera kwa chimera chonyowa. Chida chimodzi chokha chimene sitingalole kuti chikusoweni ndi choyezera kutentha chofika madigiri 100.

Chimeracho musapite nacho kuchigayo, chifukwa adzachisandutsa ufa wosakanikirana ndi mgaiwa wa ena. Chikonoleni pang'onopang'ono mumtondo woyera kuti njere iliyonse isweke zidutswa zingapo, makoko ake osanyenyeka kwambiri. Pa makilogalamu 2.5 amenewa muthire madzi okwana malita 16, ndipo pamapeto mudzatsala ndi malita 10 kapena 11, chifukwa ena amamwedwa ndi chimera, pafupifupi malita 3 amauluka powira, ndipo ena amatsalira ndi matsenga pansi pa poto. Madzi a pampopi muwatunge dzulo lake ndi kuwasiya osavundikira kuti klorini achoke, popeza amapatsa mowa fungo lachipatala.

Tenthetsani madziwo kufika madigiri 69, phulani poto pa mbaula, yalani thumba m'kati ndi kumangirira kukamwa kwake m'mphepete, kenaka thirani chimera pang'onopang'ono mukutakasa ndi mthiko kuti pasakhale mibulu. Chimera chidzatsitsa kutenthako kufika pa madigiri 66 kapena pafupi pamenepo, ndipo mpomwe tikufuna. Vundikirani, fundikani poto ndi bulangete, ndipo mumusiye ola lathunthu. M'ola limenelo ma enzyme awiri amene anadzuka m'njere pamene zinkamera akusandutsa sitachi kukhala shuga: woyambayo amakonda madigiri 60 mpaka 65 ndipo amapanga shuga amene yisiti amadya yense, wachiwiriyo amakonda cha m'ma 70 ndipo amasiya shuga wina wosadyeka amene amapatsa mowa thupi. Mukapyola madigiri 78 onse awiri amafa, ndipo palibe chimene chingawadzutsenso. N'chifukwa chake sitikufuna kuti poto akhale pa makala nthawi imeneyi, kuwonjezera pakuti thumba likagunda pansi potentha limasungunuka. Ola likatha, tapani timadzi pang'ono pambale yoyera ndi kudonthezapo ayodini wa kufamase. Akasanduka wakuda kapena wabuluu ndiye kuti sitachi akadalipo, choncho dikirani mphindi zina 20. Timadzi toyeserato mutitaye.

Tsopano za mawere. Mayi anu sankalakwitsa, ndipo chimera cha mawere ndi cha mapira ndi chimera chenicheni, koma khalidwe lake ndi losiyana ndi la balere. Sitachi wa mbewu zathuzi amafewa pa kutentha kwakukulu, kopyola madigiri amene balere amafuna, n'chifukwa chake ofulula masese ndi thobwa amayamba aphika phala, kulisiya lizizire pang'ono, n'kuthiramo chimera pambuyo pake. Mukangochithira m'thumba pa madigiri 66, gawo lalikulu la sitachi wake silidzasungunuka, ndipo mudzapeza mowa wambuu ndi wofooka. Komanso chimera cha pamsika nthawi zina chimakhala ndi chuku chifukwa chosaumitsidwa bwino, ndipo chuku china chimasiya poizoni wa aflatoxin amene safa ndi moto. Ulendo woyambawu fululani ndi balere yekha kuti mudziwe kakomedwe kake. Ulendo wachiwiri mukhoza kumeretsa nokha mawere, kuphika kaphala kake padera ndi kukasakaniza ndi balere, osapyola gawo limodzi mwa magawo asanu, ndipo ife tingakondwe kumva zotsatira zake, chifukwa balere ndi wochita kuitanitsa kunja pomwe mawere ndi athu.

Mukatukula thumba, ligonekeni pa sefa kapena pa timitengo toyera topingasa pakamwa pa poto kuti likhe, ndipo lifinyeni ndi zivundikiro ziwiri, osati ndi manja, chifukwa limawotcha koopsa. Zotsala m'thumba ndi chakudya chabwino cha nkhuku ndi nkhumba. Madzi otsekemerawo muwawiritse kwa ola limodzi poto ali wosavundikira, ndipo muime pompo pamene akuyamba kuwira, popeza thovu limakwera mwadzidzidzi n'kusefukira. Akangowira thirani magalamu 15 a hops kuti apereke kuwawa, ndipo magalamu ena 15 muthire kutatsala mphindi 5 kuti apereke fungo.

Kuyambira pamene mwaphula, chilichonse chokhudza mowawo chikhale chophedwa tizilombo. Masese amayenera kusasa ndipo amamwedwa m'masiku ochepa, koma mowa uwu ukhala milungu inayi usanamwedwe, ndipo tizilombo tosasitsa tikalowamo tili ndi nthawi yokwanira youwononga. Chigubu chofululiramo chikhale cha zakudya, chosakhalamo mafuta kapena mankhwala, ndipo muchiviike mphindi 20 m'madzi a Jik wopanda fungo, supuni yaikulu imodzi pa malita 4, kenaka muchitsukuluze ndi madzi owiritsa. Poto muikeni ali chivundikire m'beseni la madzi oundana mpaka atsike pansi pa madigiri 25, khuthulirani m'chigubu mokhavula kuti mpweya ulowe, ndipo wazani yisiti pamwamba. Bowolani chitsekero, lowetsani kapaipi kothina bwino, mbali inayo muimize m'botolo la madzi kuti mpweya uzituluka osalowa. Ngakhale mu Juni, chigubucho chikhale m'beseni la madzi m'chipinda chamdima, chofundidwa nsalu yonyowa imene nsonga zake zamira m'madzimo, pakuti chimazizira monga amazizirira madzi a mumtsuko. Masiku atatu kapena anayi oyambirira ndiwo ofunika kuwayang'anira kwambiri.

Dikirani milungu iwiri ngakhale thovu la m'kabotolo litasiya msanga. Amene ali ndi hydrometer, kachida koyezera kuchuluka kwa shuga m'mowa, amaona muyezo ukuchoka pa 1.046 kufika pa 1.010, kutanthauza mowa wa mphamvu yoyandikira 5 peresenti. Pothira m'mabotolo, sungunulani magalamu 60 a shuga m'kapu ya madzi owira, zisiyeni zizizire ndi kusakaniza mofatsa ndi malita 10 a mowa umene mwautsanulira m'ndowa ina yoyera, matsenga atatsala pansi. Musapyoze muyezo wa shugawu, chifukwa botolo lagalasi likachulukidwa mpweya limaphulika ndipo lingavulaze munthu. Kwa woyamba kumene, mabotolo apulasitiki a zakumwa zoziziritsa kukhosi ndi abwino, popeza mukawatsina n'kupeza alimba gwa mumadziwa kuti mpweya wakwana. Akhale mumdima milungu ina iwiri, asapezeke ndi ana, ndipo pothira m'tambula musagwedeze botolo kuti yisiti wa pansi asavunduke. Mowawu ndi wakumwa inu ndi anzanu akuluakulu pakhomo. Mukadzaganiza zougulitsa, muyambe mwapita kukhonsolo kukafunsa za chiphaso.