Zimbale zomwe sindidumphamo nyimbo

Achimwene, mwafunsa kuti ndi chimbale chiti chomwe munthu angamvere kuyambira nyimbo yoyamba mpaka yomaliza osadumphako ina. Ine sindichedwa kuyankha: Illmatic cha Nas, woimba rap, chomwe chinatuluka mu 1994. Chili ndi nyimbo 10 zokha, sichikwana ngakhale mphindi 40, koma mulibe zodzadzitsira malo. Mnyamatayu anali ndi zaka 20 basi, akufotokoza moyo wa ku Queensbridge, ku New York, ngati waima pawindo n'kumakuuzani zomwe akuona pansipo. Zida anamukonzera akatakwe monga DJ Premier, Pete Rock ndi Q-Tip. Ndiye pali nyimbo ina yomwe bambo ake, a Olu Dara, anaombamo lipenga chakumapeto. Kalipenga kameneko ndakamva kosawerengeka, koma mpaka lero kamandigwira mtima.

Kumbali ya rock, tengani The Dark Side of the Moon cha Pink Floyd, cha mu 1973, chojambulidwa ku situdiyo ya Abbey Road ku London. Nyimbo zake zimangolumikizana, moti mukadumpha imodzi mwadzimana nokha. Chimvereni usiku, muli phee.

Ndikudziwa mukudikira nditchule Thriller cha Michael Jackson, cha mu 1982. Ee, Quincy Jones, yemwe anakonza chimbalechi, anagwirapo ntchito yotamandika, ndipo gitala wa Eddie Van Halen mu Beat It ndi moto weniweni. Koma ndisakunamizeni, nyimbo ija Michael anaimba ndi Paul McCartney ndimaidumpha nthawi zonse, ndiye pa funso lanuli chimbalechi chagwa mayeso.