Funsani Amakaniko: Kuika Jet Kit pa Njinga Yamoto Yakale

Funso: Amakaniko, ndili ndi Suzuki GS550 ya 1981, ya makabuleta anayi. Ndasintha ekizosi, koma bokosi la mpweya ndalisiya mmene linalili. Ndagula jet kit, ndipo m'kapaketimo muli majeti a masaizi atatu, masingano anayi, timawashala ndi kaboolero. Ndiyambire pati kuti ndisawononge?

Yankho: Bambo, kapaketiko kayambe kadikira m'kabati. Jet kit si mankhwala a injini yodwala, ndipo njinga ya zaka zoposa 40 siilephera kukhala ndi kanthenda kobisika. Yezani kaye mipata ya mavalavu injini ili yozizira, malinga ndi buku la njingayo. Ikani mapulagi atsopano ndi sefa ya mpweya yoyera. Kenako pindani ndi chala malabala olumikiza makabuleta ku injini. Akaoneka ming'alu kapena akauma gwa, asintheni, chifukwa mpweya wolowera pamenepo udzakunamizani pa chilichonse chimene mudzayese.

Kabuleta ili ndi njira zitatu za petulo, ndipo zimalandirana ntchito malinga ndi mmene mwatsegulira moto. Jeti ndi kachitsulo kokhala ndi boo loyeza petulo wodutsa. Pilot jet ndi sikuluwu yake zimalamulira kuyambira pa aidolo kufika cha pa 1/4. Singano imatenga ntchito kuyambira 1/4 kufika 3/4. Kuchoka apo mpaka kumapeto ndi dera la main jet. Matani katepi pa chogwirira cha moto ndipo mulembepo magawo amenewa. Njinga ikadzatsamwa, mudzangoyang'ana padzanja n'kudziwa njira imene yalakwa.

Tsekani petulo, chotsani thanki, khuthulani timbale ta pansi pa makabuleta, kenako solorani onse anayi pamodzi osawalekanitsa. Gwirani ntchitoyi panja kapena pamalo popita mphepo, kutali ndi moto ndi fodya. Masikuluwu a njinga za ku Japan ndi a mtundu wa JIS. Amafanana ndi Phillips pongowaona, koma sikuludilaiva ya Phillips imatereramo n'kudya mutu. Tsegulani kabuleta imodzi, muimalize, ndipo zinazo zikhale zokukumbutsani mmene zinthu zinakhalira. Lembani papepala manambala a majeti akale musanawachotse.

Main jet ili pansi, m'kambale. Ndi ya mkuwa, choncho sikuludilaiva idzaze bwino mu mpata wake, ndipo pomanga musaumirize. Pa masaizi atatuwo, yambani ndi imene pepala la m'kapaketimo latchula pa ekizosi yosinthidwa ndi bokosi la mpweya la kufakitale. Mukakayika pakati pa ziwiri, tengani yaikuluyo. Petulo akachulukirapo njinga imangolemera n'kudetsa mapulagi, koma akachepa injini imatentha mpaka kubooka pisitoni. Musayerekeze nambala ya jeti yatsopano ndi yakale ngati opanga ake ndi osiyana: 120 ya Keihin, ya Mikuni ndi ya Dynojet si boo lofanana.

Singano imatulukira kumwamba. Mukatsegula chivundikiro mupeza sipuling'i, labala yopyapyala yonga kachipewa, ndi silaidi, imene imakwera ndi kutsika itanyamula singanoyo. Iunikeni labalayo padzuwa mukuikoka pang'onopang'ono. Kaboo ngakhale kochepa ngati nsonga ya phini kamalepheretsa silaidi kukwera, pakuti m'makabuleta a CV ngati anuwo silaidi imanyamulidwa ndi mphamvu yokoka ya mpweya, chingwe cha moto chimangotsegula chitseko cha kutsogolo kwake. Labalayo musaithire mankhwala otsukira kabuleta, amaitupitsa. Singano yatsopano ili ndi timizere kumutu, ndipo timawerengedwa kuchokera pamwamba. Mukatsitsa kilipi, kachitsulo kogwira singano pa kamodzi mwa timizereto, singano imakwera ndipo petulo amachuluka. Mukakweza kilipi, petulo amachepa. Anthu ambiri amasokonezeka pamenepa, ndiye gwirani singanoyo m'dzanja muone nokha mmene ikulendewerera pa kilipiyo. Timawashala tija ndi tokwezera singano theka la mzere.

Suzumiraninso m'kachubu kamene singano imalowamo. Pa njinga zoyenda kwambiri, boo lake limadyeka n'kukhala ngati dzira m'malo mozungulira. Likatero petulo amachuluka pakati, ndipo palibe mzere wa kilipi umene ungakonze. N'kusintha kachubuko basi.

Za kaboolero, werengani pepalalo kawiri. M'makiti ena n'kokulitsira boo la pansi pa silaidi kuti izikwera msanga. M'makiti ena n'kochotsera kachitsekerero kobisa sikuluwu ya pilot, kamene kanaikidwa pa njinga zambiri zogulitsidwa ku America. Ngati ndi kachitsekereroko, kulungani tepi pa kaboolero kuti kasalowe kwambiri, chifukwa sikuluwu ili pansi pomwepo. Kukulitsa boo la silaidi ife timati kudikire mpaka mutayendetsa njinga n'kuona kuti kukufunikadi. Jeti imabwezeredwa, koma chitsulo choboola sichibwerera.

Musanatseke timbale, yezani msinkhu wa float, choyandama cha m'kambale chimene chimatseka petulo akadzaza. Pendeketsani makabuleta mpaka kalilime ka float kangokhudza kaphini ka valavu popanda kukakanikiza, ndipo yezani kuchokera pamene pamakhala gasiketi. Nambala yake ili m'buku la njinga, ndipo anayi onse asasiyane kuposa theka la milimita. Float yolakwika ndi mamilimita awiri okha imatha kusokoneza njira zitatu zonse nthawi imodzi.

Poyesa, injini itenthe kaye kwa mphindi 15. Yambani ndi main jet, kenako singano, pilot ikhale yomaliza, popeza main jet imakhudzanso zimene singano imapereka cha kumtunda. Pamsewu wautali wopanda anthu, mu giya yachinayi kapena yachisanu, tsegulani moto wonse injini ikwere bwino, kenako bwezani pang'ono kufika cha pa 7/8. Njinga ikawonjezera mphamvu pobwezapo, main jet yachepa. Ikamabwebweta pamwamba n'kumakana kukwera, yakula. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi ndipo muzilemba. Mukasintha jeti ndi kilipi pamodzi, njinga ikachira kapena kuipiraipira simudzadziwa chimene chachititsa.

Funso: Ndinaika kiti, njinga ikuthamanga bwino. Koma ndikaima, injini imakhalabe pamwamba kwa masekondi angapo isanatsike, ndipo potsetsereka ekizosi imaphulika "pha, pha, pha." Kodi main jet yachepa?

Yankho: Main jet ilibe mlandu, achimwene. Zonse ziwirizi zikuchitika moto uli wotseka, ndiye dera la pilot, ndipo zikusonyeza kuti petulo wachepa kapena mpweya ukuba njira. Injini ikulira pa aidolo, fayirani pang'ono mankhwala otsukira kabuleta pa labala iliyonse ya pakati pa kabuleta ndi injini, mosamala kuti asagwere pa ekizosi yotentha. Kaliridwe kakasintha, mwapeza podontha. Onaninso magasiketi a pamene ekizosi yalumikizana ndi injini, chifukwa mpweya wolowa apo umaphulitsanso chimodzimodzi.

Ngati palibe podontha, pitani ku sikuluwu ya pilot. Ikakhala mbali ya injini imayeza petulo, ndipo kuimasula kumawonjezera petuloyo. Ikakhala mbali ya bokosi la mpweya imayeza mpweya, ndiye kuimasula kumachita zosiyana. Imangeni mpaka ingokhudza pansi, ndi zala ziwiri zokha, pakuti nsonga yake ikathyokera m'boo ndi ntchito ya tsiku lathunthu. Ya petulo imasuleni maulendo awiri, kenako muziwonjezera kota kota mukudikira masekondi 15, kufikira injini italira mokwera ndi mosalala. Mukapitirira maulendo atatu isanakhazikike, pilot jet yachepa kapena yatsekeka. Pa njinga yokhalitsa osayenda, kawirikawiri imakhala yotsekeka ndi zotsalira za petulo wouma. Inyikeni m'mankhwala, ipemerereni ndi mpweya wa kompuresa, muione padzuwa. Waya wachitsulo asalowemo, amakulitsa boo. Mukachotsa sikuluwu yonse, dziwani kuti pali sipuling'i, kawashala ndi kamphete ka labala, ndipo kampheteko kamakonda kutsalira m'kati.

Pomaliza linganizani makabuleta ndi mageji oyeza kukoka kwa mpweya. Asasiyane kuposa masentimita awiri a mercury. Kabuleta imodzi yotseguka kuposa zinzake imachedwetsanso aidolo kutsika.

Funso: Ndikufuna kuchotsa bokosi la mpweya ndiike timasefa tozungulira pa kabuleta iliyonse. Kiti ya Stage 1 ikwana?

Yankho: Ayi. Stage 1 ndi ya bokosi la kufakitale, timasefato timafuna Stage 3, ya main jet zazikulu ndithu. Koma ngati makabuleta anu ndi a CV ndipo njingayo ndi yoyendera tsiku ndi tsiku, ife tikuti bokosilo lisiyeni. Limakhazika mpweya pansi usanalowe, ndipo silaidi imadalira mpweya wodekhawo. Popanda bokosi, mphepo ya m'mbali ndi mvula zimafika pa sefa mwachindunji, ndipo njinga imayamba kudodoma pakati, pamene mumayendera nthawi zambiri.

Funso: Njinga yanga imayenda bwino kumalo otsika, koma ndikakwera kumapiri imalemera ndipo mapulagi amada. Ndalakwitsa chiyani?

Yankho: Simunalakwitse, mayi. Kumtunda mpweya ndi wopepuka, pamene jeti ikuperekabe petulo pafupifupi yemweyo, ndiye petulo amachuluka. Injini imatayanso mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse okwera, ndipo imeneyo jeti singaibweze. Ngati mumangodutsako, musasinthe kanthu. Ngati mwasamukirako, ndipo ndi mamita 1,500 kapena kuposa pamwamba pa kumene munachunira, tsitsani main jet ndi saizi imodzi kaye, muyese. Pakati pakakhalabe polemera, kwezani kilipi mzere umodzi. Majeti akalewo muwasunge m'kabotolo kolembedwa, ndipo tsiku lobwerera kumunsi muwabwezeretse musanatsegule moto wonse, chifukwa kumeneko jeti yaing'onoyo idzachepetsa petulo n'kutenthetsa injini.