Dongo likatsika phiri, lakokoloka kapena lagumuka?

Funso: Ndine mphunzitsi wa jogalafe. Pofotokoza mmene madzi a pansi pa nthaka amagwetsera malo otsetsereka a dongo, ndinalemba kuti "nthaka imakokoloka". Mnzanga akuti ndikanati "imagumuka". Akulondola ndani?

Yankho: Aphunzitsi, mverani mnzanuyo. Kukokoloka kumachitika pamwamba: mvula imamenya nthaka, madzi othamanga n'kumaitenga pang'onopang'ono mpaka kusiya zigwembe. Kugumuka kumayambira mkati, ndipo chibuma chonse chimachoka nthawi imodzi pamodzi ndi mitengo yake.

Dongo lili ndi timibulu tating'ono kwambiri, tosaposa mamilimita 0.002, n'chifukwa chake madzi amalowamo movutikira ndipo amatulukamonso movutikira. M'chilimwe limang'ambika. Mvula ikabwera, madzi amatsata ming'aluyo n'kukadzaza mipata ya pakati pa timibulu. Akachuluka amakankha timibuluto mbali zonse, kugwirana kwake n'kuchepa, pamene kulemera kwa nthaka kwawonjezeka. Karl Terzaghi, katswiri wa sayansi ya nthaka pa zomangamanga, ndiye anafotokoza bwino zimenezi m'zaka za m'ma 1920. Apa mpomwe ana ambiri amasokonezeka: phiri likhoza kugumuka patapita masiku mvula itakata, chifukwa madziwo amakhala akuyendabe pansi. Mukawaphunzitsa kuti "lakokoloka", adzayang'ana madzi oyenda pamwamba, osalabadira kasupe amene watumphuka m'tsinde mwa phiri, mng'alu watsopano kumtunda, kapena mitengo imene yayamba kupendekeka.

Musaiwalenso mneni "kutsetsereka". Timati malo otsetsereka, koma nthaka nayo imatsetsereka ikapeza poterera pansi pake. Kayalidwe ka miyala n'kofunika pamenepa. Ngati mchenga kapena mwala wa ming'alu uli pamwamba pa dongo, madzi amadutsa msanga n'kukaima pa dongolo, ndipo pokumana pawo m'pamene pamaterera. Ku Vajont, m'dziko la Italy, mu 1963, mbali ya phiri la Toc inatsetsereka pa timizere topyapyala ta dongo tomwe tinali pakati pa miyala ya laimu yopendekera kudamu. Nthakayo itagwera m'damumo, madzi anasefukira pamwamba pa khoma la damulo, anthu pafupifupi 2,000 n'kufa. Ine ndingalembe chonchi: "Phiri linagumuka, nthaka n'kutsetsereka pa dongo lonyowa." Mneni woyamba akunena za kusweka, wachiwiri za kayendedwe.

Funso: Kodi dongo, dothi ndi matope ndi chimodzimodzi? Nanga n'kulakwa kunena kuti dongo "lasungunuka"?

Yankho: Dothi ndi dzina lalikulu, dongo ndi mtundu wa dothi lomata, loumbika likanyowa, matope ndi dothi lililonse lokhuta madzi. Choncho dongo lonse ndi dothi, koma si dothi lonse lili dongo.

"Kusungunuka" musungireni dongo la mtundu umodzi, lopezeka ku Norway, Sweden ndi Canada. Dongo limeneli linayalana pansi pa nyanja ya mchere kalekale, ndipo mcherewo ndi umene unkalimbitsa kugwirana kwa timibulu take. Nthaka itakwera pamwamba pa nyanja, madzi a pansi opanda mchere anautsuka pang'onopang'ono kwa zaka zikwizikwi. Lero limaoneka lolimba, koma likangosokonezedwa limayenderera ngati phala. Zinachitika ku Rissa, m'dziko la Norway, mu 1978, dothi lofukulidwa pomanga litaunjikidwa m'mphepete mwa nyanja. Dongo wamba likanyowa, nenani kuti lafewa.