Bwanji a chipani chimodzi ankalimbirana dzina la a Obama?

Chemwali wina wanditumizira imelo ataonera kanema wakale wa mtsutso wa chipani cha Democratic ku America. Akufunsa kuti: "Achimwene, onse aja ndi a chipani chimodzi, ndipo a Barack Obama anali pulezidenti wawo wokondedwa. Nanga ankapeputsiranji ntchito zawo poyera, a Donald Trump akumvetsera?"

Achemwali, mtsutso mwauonawo ndi wa pa 31 July 2019 mumzinda wa Detroit. Kwathu kuno chipulula n'cha aphungu ndi makhansala, pomwe mtsogoleri wa chipani amasankhidwa ndi nthumwi ku konivenshoni. Ku America wofuna upulezidenti amayenda chipulula chigawo ndi chigawo kwa miyezi, ndipo omuvotera ndi anthu wamba. Chaka chimenecho ofuna mpando anaposa 20, moti mtsutso anachita kuugawa masiku awiri.

Amene ankatsogola anali a Joe Biden, omwe anakhala wachiwiri kwa a Obama kuyambira 2009 mpaka 2017. Pakamwa pawo sipankachoka dzina la bwana wawo wakaleyo. A Obama sakanaimanso poti malamulo amalola materemu awiri okha, ndiye dzina lawo linasanduka chuma cha masiye mwini wake ali moyo, aliyense n'kumati mwana wa m'nyumba ndine. Wofuna kugwetsa a Biden analibe kolowera kwina koposa kugwedeza pamene iwo anapondapo. Yankho langa ndi limeneli: ankalasa a Obama, koma wofunidwa anali a Biden.

Sikuti zodandaulazo anangozipeka. Boma la a Obama linathamangitsa anthu ochuluka zedi olowa m'dzikomo opanda zikalata, oposa 400,000 m'chaka cha boma cha 2012 chokha. Mu 2014 mayi Janet Murguía, mtsogoleri wa bungwe lalikulu loimira anthu a mtundu wa Latino, anafika powatcha mkulu wa othamangitsa anthu. Usiku wa ku Detroit uja, ena m'holomo anadula mawu a Biden akukuwa za anthu 3 miliyoni othamangitsidwa. A Bill de Blasio, meya wa New York panthawiyo, anafunsa ngati a Biden analangizapo bwana wawo kuti aleke zimenezi. A Biden anazemba, amvekere uphungu wawo kwa pulezidenti unali wachinsinsi. Apa ndi pamene a Cory Booker, mmodzi mwa opikisanawo, anawapana: mumatchula a Obama kuposa wina aliyense, ndiye musamawatchule zikakukomerani n'kuwathawa zikavuta. Kunena zoona, pamenepa a Booker analasa pachilonda.

Amene amandidabwitsa ndi a Julián Castro. Anawauza a Biden kuti sanaphunzirepo kanthu pa zolakwa zakale, chonsecho iwo eni anali nduna ya za nyumba m'boma lomwelo kuyambira 2014. Patangopita milungu 6, pa mtsutso wina ku Houston, a Castro omwewo ankati wopitiriza ntchito ya a Obama ndi iwo, osati a Biden. A Biden anangoyankha kuti mwini wakeyo akamva adabwa.

Nkhani ina inali ya zaumoyo. Lamulo la 2010 lomwe anthu amangoliti Obamacare linathandiza anthu pafupifupi 20 miliyoni kupeza inshulansi ya chipatala, koma linasiya makampani a inshulansi ali chilili. A Bernie Sanders ndi mayi Elizabeth Warren, omwenso ankafuna mpandowo, ankafuna Medicare for All, kuti boma lizilipirira aliyense. A Biden ankati kumeneko n'kugumula zomwe a Obama anamanga movutikira, bola kungowonjezerapo. Mkangano uwu unali weniweni, wa kumene chipani chilowere, ndipo sunathe mpaka lero.

Za a Trump mwalondola. Mawa lake la mtsutso wa ku Detroit uja, pamsonkhano ku Cincinnati, anaseka kuti a Democratic atha nthawi yambiri akulimbana ndi a Obama kuposa iwowo. A Eric Holder, omwe anali mkulu wa zamalamulo m'boma la a Obama, anachenjeza anzawo kuti asamale ndi kunyoza mbiriyo, aimangirire pamwamba. Pofika ku Houston pa 12 September, nyimbo inali itasintha, aliyense akuthokoza a Obama.

Chomwe ambiri sanawerengere bwino ndi ovota. A de Blasio, a Castro ndi a Booker onse anasiya mpikisano voti yoyamba isanaponyedwe n'komwe. A Biden anayamba moipa, nambala 4 ku Iowa ndi nambala 5 ku New Hampshire. Koma ku South Carolina, komwe oposa theka la ovota a chipanichi ndi anthu akuda, anapambana mosapenekera pa 29 February 2020, a Jim Clyburn, phungu wachikuda wotchuka wa m'chigawocho, atawavomereza. Kwa ovota amenewa, mzungu wachikulire amene anatumikira pulezidenti woyamba wachikuda zaka 8 osamuukira anali munthu wodziwika kale.

A Obama eni ake anakhala duu nyengo yonseyi, osatchula amene akumufuna, mpaka pa 14 April 2020 pamene anavomereza a Biden, a Sanders atasiya kale. Koma musaganize kuti odzudzula aja anangotaya malovu. Mu February 2020, mtolankhani Jorge Ramos wa wailesi yakanema ya Univision atawapanikiza, a Biden anavomera kuti kuthamangitsa anthu opanda milandu muja kunali kulakwitsa kwakukulu, mawu amene ku Detroit anakana kuwanena.